Corvette yakale ija: musayambire pa injini, achimwene

Lero tisiye kaye za mabelo ndi za msonkho wa matayala. Pali nkhani ya galimoto imodzi imene yatidyera maganizo sabata yonse ino, ndipo tikuona kuti ikukhudza aliyense amene anagwirapo kandalama ka geni n'kuyamba kulota zinthu zokoma.

Mnzathu wina, amene takhala tikuyenda naye geni ya mabatire ndi matayala kwa zaka zambiri, wapeza Chevrolet Corvette ya 1977 m'galaja ya mkulu wina chakum'mawa kwa Johannesburg. Galimoto yaima nthawi yaitali, matayala anaphwa, koma bodi likuoneka ngati latuluka dzulo m'fakitale. Walipira kale theka. Kenako anatitumizira mndandanda wa zinthu zoti timufunire ku Joni: camshaft yaikulu, kabyuleta yaikulu, mapaipi a ekizozi olira, ndi marimu onyezimira. Akufuna kuti akamaiyendetsa ku Lilongwe anthu azisiya nsima n'kuthamangira kumsewu. Tinauwerenga mndandandawo kawiri. Munalibe chilichonse cha mabuleki, munalibe paipi ya mafuta ngakhale imodzi, munalibe bushi.

Tinamuuza kuti achimwene, zimenezi sitigula. Wakwiya nafe, ndipo n'kutheka akuwerenga pano. Tikulemba kuti amve chifukwa chake, ndiponso kuti ena amene ali ndi maloto ngati amenewa, kaya ndi Mustang, Camaro kapena Corvette, aganize kaye asanatulutse ndalama imene anaivutikira m'maboda.

Sitikunena kuti asaisinthe galimotoyo. Pali anthu amene amati galimoto yakale isakhudzidwe, ikhale momwe inatulukira. Pa Corvette ya 1977 ife sitikugwirizana nawo. Mtundu umenewu, umene eni ake amautcha C3, unapangidwa kuyambira 1968 mpaka 1982, ndipo a zaka zakumapetoko anapangidwa ambirimbiri. Mu 1979 mokha anatulutsa oposa 53,000. Si chinthu chosowa choti munthu aziopa kuchimasula bauti. Akanakhala kuti wapeza ya 1969 kapena 1970 ya mabampala achitsulo onyezimira kutsogolo ndi kumbuyo, yokhala ndi injini yake yeniyeni, tikanamugwira dzanja n'kumuuza kuti asiye momwemo. Koma ya 1977 ndi galimoto yooneka ngati ikuthamanga ngakhale itaima, pamene mphamvu yake ndi yochepa. Injini yake wamba, V8 ya malita 5.7, inkatulutsa horsepower 180 basi. Mabaki a dizilo a masiku ano ena amaposa pamenepo. Ndiye kukhumba kwa mnzathuyu tikukumvetsa.

Chinachititsa kuti injini yaikulu choncho ikhale yofooka n'chodziwika. Mu 1970 Corvette ya injini yotchedwa LT-1, ya malita 5.7 omwewo, inkalembedwa kuti ili ndi horsepower 370. Chaka chomwecho dziko la America linakhwimitsa lamulo la utsi wa magalimoto. Kuyambira 1971 General Motors inatsitsa compression ya mainjini ake kuti azitha kumwa petulo wopanda mtovu wambiri. Mu 1972 anasinthanso kayezedwe ka mphamvu: kale ankayeza injini ili yokha pabenchi, yopanda zolemetsa zake, koma kuyambira pamenepo anayamba kuiyeza itavala zonse monga imakhalira m'galimoto, ndiye manambala anagwa ngakhale pa injini zimene sizinasinthe kwenikweni. Mu 1975 anaika catalytic converter, ekizozi yonse n'kumadutsa pakhosi limodzi, ndipo Corvette wamba inatsika kufika pa 165. Tanthauzo lake n'lakuti mphamvu ili m'menemo, inangotsekeredwa. Kuitulutsa si kovuta, ndipo ndi chifukwa chake tikuchita mantha. Injini imeneyi, imene banja lake linayamba mu 1955, ndi imodzi mwa injini zosavuta kuziwonjezera mphamvu padziko lonse. Munthu atha kuiwirikiza mphamvu m'masabata ochepa, pamene chilichonse chozungulira injiniyo chili ndi zaka pafupifupi makumi asanu.

Inu madalaivala a mathiraki simufunika kuuzidwa zambiri apa. Palibe amene amaopa kukwera Van Reenen, chimene timaopa ndi kutsika. Mphamvu imene buleki iyenera kumeza siikula mofanana ndi liwiro, imakula ndi liwiro kulichulukitsa ndi liwiro lomwelo. Galimoto ikachoka pa makilomita 100 pa ola kufika pa 140, ntchito ya buleki imakhala pafupifupi kawiri. Camshaft imene mnzathu akufunayo ntchito yake ndi kumufikitsa msanga pa 140. Chimene chidzamuchotse pa 140 ng'ombe ikatulukira pa Dedza sanachilembe.

Mabuleki a Corvette amenewa, akakhala bwino, ndi abwino ndithu. Kuyambira 1965 galimoto imeneyi inali ndi madisiki mawilo onse anayi, kalipa iliyonse ili ndi mapisitoni anayi, pa nthawi imene magalimoto ambiri anali a madiramu. Vuto ndi kuima. Mafuta a buleki amayamwa chinyezi, ndipo mkati mwa makalipa amenewa ndi chitsulo chogwira dzimbiri. Galimoto ikaima zaka, timaenje ta dzimbiri timadya pamene masili amatsetsereka, mafuta n'kuyamba kudontha pa mapadi. Palinso khalidwe lina loipa limene makaniko wosaidziwa galimotoyi angataye nalo mwezi wathunthu. Disiki ikamazungulira mopendama ngakhale pang'ono, imakankha mapisitoni uku ndi uku, ndipo masili a mtundu wakalewo amayamwira mpweya mkati. Mumatulutsa mpweya m'mawa, pedulo n'kulimba bwinobwino, mwayenda makilomita 80 pedulo yafewanso. Mankhwala ake ndi odziwika: makalipa oikidwa chitsulo chosagwira dzimbiri mkati, masili a mtundu watsopano, mapaipi onse a labala atsopano, master cylinder yatsopano kapena yokonzedwa, ndi kuyeza kupendama kwa disiki iliyonse ndi geji, osati ndi maso. Madisiki akumbuyo ku fakitale ankawakhomerera pa habu ndi marivet n'kuwasema pamodzi, ndiye amene anawasinthapo m'mbuyomu mosasamala anasiya vutolo m'menemo.

Tsopano mverani ichi, chifukwa ndi pamene mndandanda wa mnzathu ukudziluma wokha. Camshaft yaikulu imapangitsa injini kugunda mokoma ikaima pa loboti, kuja kumamveka ngati ikufuna kuzima koma osazima. Kugunda kumeneko kumabwera chifukwa mavalavu akukhala otseguka nthawi yaitali, ndipo zotsatira zake vacuum ya injini imatsika. Booster ya buleki imadalira vacuum imeneyo. Nyali zakutsogolo za Corvette imeneyi, zija zimatuluka ngati maso a nkhanu, zimadzutsidwanso ndi vacuum, osati magetsi. Ndiye munthu amagula chinthu chimodzi chokwera mtengo, n'kupeza kuti pedulo ya buleki yauma m'tauni ndipo diso limodzi likukana kutseguka usiku. Aliyense amene anamvapo buzzer ya mpweya ikulira m'kabini ali pamtsetse akudziwa mmene mtima umachitira.

Tisanafike n'komwe ku mabuleki, pali funso loti galimotoyo ili ndi mafupa kapena ayi. Bodi la Corvette ndi la fibreglass, siligwira dzimbiri, ndipo ndi chimene chimapusitsa ogula. Pansi pake pali chasisi yachitsulo, ndipo mozungulira pokhala anthu muli chimango china chachitsulo chimene Achimereka amachitcha birdcage, ngati khola la mbalame. Madzi akamalowa pa galasi lakutsogolo amatsika m'mizati ya galasilo n'kukaunjikana pansi, pafupi ndi mapazi a dalaivala ndi a wokwera. Masulani timapanelo ta m'mbali mwa mapazi, muunike ndi tochi. Mukapeza zinyenyeswa za dzimbiri zitaunjikana ngati gaga, dziwani kuti kukonza kwake n'kunyamula bodi lonse. Malo ena oti mugogode ndi hamala ndi pa chasisi kutsogolo kwa mawilo akumbuyo, pamene mikono ya mawilowo imamangirira. Galimoto imene yakhala moyo wake wonse ku Gauteng, kouma, ili ndi mwayi. Imene inakhalapo ku Durban kapena ku Beira muikayikire ngakhale penti ikuwala bwanji. Mnzathuyu analipira theka asanagwade pansi n'kuyang'ana, ndipo chimenechi ndi chimene chinatipweteka kwambiri, chifukwa munthu yemweyu sagula batire asanaliyeze.

Kumbuyo kwa galimotoyi kulinso nkhani yake. Mawilo akumbuyo amayenda palokhapalokha, ndipo sipuling'i ndi imodzi yopingasa. Mashafti awiri ochoka pa difu kupita ku mawilo sangotumiza mphamvu, amagwiranso wilo kuti liime chilili. Ndiye majoini ake akatha, kapena pamene shafti imalowa mu difu pakadyeka, wilo limapendama ndipo matako a galimoto amayamba kudziyendera okha pa kona. Onjezani mphamvu pa zinthu zotere, tsiku lina mudzaponda moto potuluka pa raundabauti n'kupezeka mwayang'ana kumene mwachokera. Mabushi onse, mabering'i akumbuyo, mashoko, ndi pawa sitiyaring'i imene pa magalimoto amenewa imakonda kudontha, zonsezi zimabwera injini isanakhudzidwe. Matayalanso. Pambali pa tayala pali manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa. Mukapeza manambala atatu okha, tayalalo linapangidwa chisanafike chaka cha 2000, ndipo ngakhale mano ake ali athunthu ndi lofunika kudzalamo maluwa.

Mnzathu anatiyankha kuti zonsezi sizioneka. Akuti munthu ukawononga ndalama uyenera kumva kapena kuona chimene wagula, ndipo palibe amene amaima pamsewu kuyamikira mabushi. Akutinso galimotoyo ndi ya Lamlungu ndi maukwati, sadzathamanga nayo. Mbali yoyambayo ndi yoona, sitikana. Mbali yachiwiriyo sitikuikhulupirira. Sitinaonepo munthu woika camshaft yaikulu kuti aziyenda 60. Ndipo ngati ndi ya maukwati, ndiye kuti pampando winawo padzakhala mwana wa eni ake.

Anthu amene ankadziwa ntchito imeneyi kuno kwathu kum'mwera sankachita mwachidule. Ku South Africa kuli mbiri yaitali yoika V8 ya ku America m'magalimoto ang'onoang'ono. Basil Green wa ku Johannesburg anaika V8 ya Ford ya malita 5 mu Capri n'kuitcha Perana, cha m'ma 1970. Mu 1973 kunatuluka Chevrolet Firenza Can-Am, zana limodzi lokha, yokhala ndi injini ya mtundu wa Camaro Z28. Mu 1984 Ford inatulutsa Sierra XR8, pafupifupi 250, ya injini ya Mustang. XR8 imeneyo sanangoiponyera injini. Anaipatsa giyabokosi ina, difu yolimba, ndi madisiki mawilo onse anayi. Amenewa anali anthu a mipikisano, ofuna liwiro kuposa tonsefe, koma ankadziwa kuti injini siyenda yokha.

Tibwere ku zinthu za kwathu kuno zimene mabuku ndi makanema a ku America sangakuuzeni. Choyamba ndi petulo. Ku Malawi petulo wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, pamene anayamba kumupanga ku Dwangwa, ndipo ku Zimbabwe kusakaniza ndi lamulo, ethanol wake wambiri amachokera ku Chisumbanje. Magalimoto atsopano alibe nazo vuto. Koma mapaipi a labala a 1977, kachikopa ka m'pampu ya mafuta ndi timasili ta m'kabyuleta sizinapangidwire ethanol. Zimafewa, zimang'ambika, ndipo ethanol amasungunula zinyalala zonse zimene zinauma m'thanki n'kuzitumiza kutsogolo. Paipi ya mafuta ikang'ambika pamwamba pa V8 yotentha, bodi la fibreglass silipindika ngati lachitsulo, limayaka. Thanki itsukidwe kapena isinthidwe, paipi iliyonse ya labala ikhale yatsopano ya mtundu wopirira ethanol, ndipo m'galimoto mukhale chozimira moto chenicheni, osati chija timanyamula kuti tionetse apolisi a pamsewu. Mawaya akale nawonso ayang'anidwe, makamaka pamene eni ake akale analumikiza wailesi ndi tepi wakuda.

Chenjeraninso ndi manambala a octane. Amene amalembedwa pa mapampu a ku America amawerengedwa mosiyana ndi athu. Petulo wathu wa 95 amafanana ndi wa 90 kapena 91 wa kumeneko. Munthu akaona pa intaneti kuti mapisitoni akutiakuti amayenda bwino ndi 93, n'kuganiza kuti ndi 93 wa ku Gauteng, adzamva injini ikugogoda ngati muli misomali, ndipo kugogoda kumeneko kumaboola pisitoni.

Chachiwiri ndi kukwera kwa malo. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, Harare pafupifupi 1,500, Lusaka pafupifupi 1,300, Lilongwe kungopitirira 1,000. Injini yopanda turbo imataya pafupifupi magawo atatu pa zana a mphamvu yake pa mamita 300 aliwonse, chifukwa mpweya umapepuka. Kabyuleta siidziwa zimenezi, imangothira mafuta monga anaiuzira. Ikachunidwa ku Johannesburg, ikatsikira ku Tete kapena ku Chikwawa imalandira mpweya wambiri pa mafuta omwewo, injini n'kumatentha. Yochunidwa ku Durban ikakwera kumtunda imamwa mopitirira n'kudetsa mapulagi. Ichunidwe kumene izikakhala. Ndipo kabyuleta yaikulu ija mnzathu akufuna ndi kutaya ndalama. Rochester Quadrajet imene ili pa galimotoyo imatha kupititsa mpweya wochuluka kuposa umene injini ya malita 5.7 ingapume pa liwiro la pamsewu. Anthu amainyoza chifukwa ndi ochepa amene amadziwa kuikonza. Ikatsukidwa n'kuikidwa zamkati zatsopano imagwira bwino, ndipo pa ulendo wamba imamwa pang'ono chifukwa timabowo take takutsogolo ndi tating'ono. Komanso boneti ya Corvette ndi yotsika kwambiri. Ambiri agulapo manifold yaitali ndi kabyuleta yaikulu, n'kupeza boneti ikukana kutseka.

Chachitatu ndi kutentha. Magalimoto amenewa amadziwika ndi kutentha ngakhale kwawo. Rediyeta yake inagonekedwa chopendekera ndipo mpweya wambiri umalowera pansi pa mphuno, mothandizidwa ndi kachipulasitiki kamene kamalendewera pamenepo. Kachipulasitiki kameneko ndi koyamba kuthyoka pa hampu, ndipo mahampu athu mukuwadziwa. Kakachoka, kapena timasiponji totseka m'mbali mwa rediyeta tikafumbutuka, mpweya umadutsa pambali. Mphamvu iliyonse imene mwawonjezera ndi moto wowonjezera. Rediyeta yabwino ya aluminiyamu, chotchingira fani chake chili pamalo, pampu ya madzi yatsopano, zimenezi zigulidwe kaye, makamaka kwa munthu amene njira yake yopita kwawo imadutsa ku Tete mwezi wa October.

Zonsezi zikatha, ndiye tikambe za mphamvu, ndipo ife tili ndi maganizo athu. Yambani ndi kuyeza compression ya silinda iliyonse kuti mudziwe ngati injini ili ndi moyo. Tsegulani kutsogolo muone tcheni cha timing, chifukwa mainjini ambiri a zaka zimenezo anali ndi giya ya mano okutidwa ndi pulasitiki, amene amathothoka n'kukatseka sefa ya pampu ya oyilo. Kenako ipatseni mpata wopuma: ekizozi ya mapaipi awiri enieni kuchokera ku injini mpaka kumbuyo, ndi kukonza distributor kuti moto uzibwera pa nthawi yoyenera, chifukwa ku fakitale anauchedwetsa dala pofuna kuchepetsa utsi. Ziwiri zokhazi zimaidzutsa galimoto moti mwini wake amadabwa. Akafuna zoposa apo, ndalama ipite ku mahedi, pakuti mahedi a zaka zimenezo ndiwo anali khosi lopapatiza. Mahedi otchedwa Vortec, amene General Motors inayamba kuika pa mabaki ake mu 1996, amakwana pa buloko imeneyi ndipo amapuma bwino kwambiri, kungoti amafuna manifold yawoyawo. Pamenepo camshaft yapakatikati, yosapha vacuum, imakhala ndi tanthauzo.

Pa camshaft pomwepo pali msampha wina. Ya mtundu wakale, imene malifita ake ndi osalala pansi, imafuna oyilo wokhala ndi zinc wokwanira, ndipo maoyilo ambiri a magalimoto a petulo a masiku ano anamuchepetsa. Ikangoikidwa, injini iyenera kulizidwa mphindi 20 kapena 30 pa marevu 2,000 mpaka 2,500, osaisiya kuti izingogunda pang'onopang'ono. Makaniko akalakwitsa apa, camshaft yatsopano imadyeka tsiku lomwelo, zitsulo zake n'kumwazikira mu injini yonse.

Chinthu chimene ife tingasankhe patsogolo pa camshaft iliyonse ndi giyabokosi. Ya otomatiki ya 1977 ili ndi magiya atatu okha, ndipo ya manyuwale ili ndi anayi opanda overdrive. Pa msewu wautali injini imalira pamwamba tsiku lonse, ikumwa ndi kutentha. Giyabokosi ya magiya asanu, kapena otomatiki ya anayi yokhala ndi overdrive ngati imene Corvette inalandira mu 1982, imatsitsa marevu, imachepetsa mafuta, ndipo giya yake yoyamba imanyamuka mwamphamvu. Kwa anthu ngati ife, amene ulendo waufupi ndi makilomita 300, palibe chosintha china chimene munthu angachimve tsiku lililonse ngati chimenechi.

Ena anena kuti bwanji osangochotsa injini yonseyo n'kuika LS. Injini imeneyo inayamba mu Corvette ya 1997, ndi ya aluminiyamu, inatuluka ndi horsepower 345, imalira kamodzi m'mawa ndipo siisamala za kukwera kwa malo chifukwa kompyuta imadzichunira yokha. Ku America ndi ku South Africa ambiri akuchita zimenezi ndipo sitikuwanyoza. Koma imafuna kompyuta, mawaya ake, pampu ya mafuta ya mphamvu, ndi munthu wa laputopu wodziwa kuilankhula. Kwa amene amakhala ku Pretoria zili bwino. Kwa amene galimoto yake idzafera pakati pa Nyamapanda ndi Changara, injini yakale ya kabyuleta ili ndi ubwino umodzi waukulu: mkulu aliyense amene anakonzapo Land Rover kapena Peugeot yakale atha kuiyang'ana n'kuimvetsa. Kumbukiraninso kuti General Motors inachoka ku South Africa mu 2017. Masipeya a Corvette amapezeka, ku America amapanga pafupifupi chilichonse chatsopano, koma amabwera pa dola, pa ndege kapena pa sitima, ndipo amadikiritsa.

Kusintha injini kulinso ndi mbali imene ife a m'maboda timaidziwa kuposa Achimereka. Nambala ya injini ili pa mapepala. Ikasiyana ndi imene ili pa chitsulo, galimoto siidutsa, ndipo chikalata cha apolisi cha SARPCCO simuchipeza mosavuta. Pa V8 ya Chevrolet nambala imeneyi inadindidwa pa kamalo kosalala kutsogolo kwa buloko, mbali ya kumanja, ndipo mbali ina ya nambalayo imafanana ndi ya chasisi. Mukatumiza buloko kokasema pamwamba, auzeni asadye pamenepo. Anthu afufutitsapo nambala mosadziwa, n'kutsala ndi injini yooneka ngati yakuba. Nambala yomweyo ndi imene imauza wogula wa m'tsogolo kuti injini ndi yobadwa nayo, ndipo mtengo umasiyana. Choncho chilichonse chimene mwachotsa, kabyuleta, manifold, mahedi, marimu, musagulitse kwa a zitsulo zakale. Pakani oyilo, ikani m'bokosi, lembani.

Za msonkho funsani ejenti wanu musanamalize kulipira, osati galimoto ili kale pa boda. Ku Malawi ndi ku Zambia zaka za galimoto ndi kukula kwa injini zimalowa m'kawerengedwe, ndipo apa tikukamba malita 5.7. Zimbabwe mu 2021 inaika malamulo oletsa kulowetsa magalimoto opitirira zaka 10, ndipo South Africa salola galimoto yogwiritsidwa kale ntchito kulowa popanda chilolezo chapadera cha ITAC. Malamulo otere amasinthasintha, ndiye zimene mnzanu anachita zaka zitatu zapitazo musazitenge ngati za lero.

Chomaliza ndi chiwongolero. Corvette yoyamba kutuluka m'fakitale ndi chiwongolero cha kumanja ndi ya m'badwo wa panopa, wa injini yapakati, ndipo Mustang inayamba kupangidwa choncho mu 2015. Zakale zonsezi ndi za kumanzere, kupatula zimene anthu anazitembenuza okha. Ambiri mwa inu mwayendetsapo ma Freightliner a kumanzere ndipo mukudziwa mmene kupitirira galimoto ina kumavutira, chonsecho inu mumakhala pamwamba n'kumaona patali. Tsopano ganizani munthu wakhala pansi ngati ali pa mphasa, mbali ya kuthengo, kutsogolo kwake kuli thirela ya mamita 20, pa msewu wa M1 wopanda mapewa. Kuti aone kutsogolo ayenera kutulutsa galimoto yonse. Mnzathu akuti n'chifukwa chake akufuna mphamvu, kuti azipitirira msanga. Ife tikuti pa nthawi imeneyo, akatulutsa mphuno n'kukumana ndi basi, chimene adzafune ndi buleki yomubwezera kumbuyo kwa thirela galimoto isanapotoke.

Mndandanda umene tamubwezera uli ndi makalipa anayi, mapaipi a buleki ndi a mafuta, mabushi, mashoko, matayala, rediyeta, tcheni cha timing ndi zamkati za kabyuleta. Tawonjezerapo bokosi la masipanala a mainchi, chifukwa mabauti ambiri a galimoto imeneyi si a mamilimita, ndipo sipanala ya 13 pa bauti ya theka la inchi imangozungulitsa mitu. Tamuuzanso kuti theka lotsalalo asalipire mpaka mmodzi wa ife akagone pansi pa galimotoyo ndi tochi ndi hamala, zimene tichite ulendo uno tikatsitsa katundu ku City Deep.

Maganizo ake oti aiyendetse yekha kuchoka ku Johannesburg kudzera ku Harare ndi Tete mpaka pa Dedza tawakana. Ikwera pa thirela. Ngati pali wina amene akukwera kumtunda kumapeto a mwezi uno ali ndi malo a galimoto imodzi, yotalika mamita osakwana asanu koma yotsika kwambiri moti ifuna matabwa aatali pokweza, atiuze. Achimwene alipira, ngakhale pakadali pano sakutiyankha foni.